Makala Analeka Kudzuma

Makala ndi galu amene amuna anga anandisiyira popita kukagwira ntchito kutali. Mwana wathu atayamba kukwawa, galuyo ankadzuma mwana akayandikira mbale yake. Ndikangomva, ndinkasiya zochapa n'kuthamanga kukamunyamula.

Eni nyumba anamva nawo. "Mayi a mwana, galuyu akaphunzitsidwe, apo ayi achoke. Kapena muchokere limodzi."

Ine ndekha ndi khanda m'nyumba yopanda galu? Ndinayamba kufunsafunsa.

Wophunzitsa agalu woyamba anali bambo wachikulire, kuseri kwa galaja. Agalu ake ankauwa, kulumphalumpha, phokoso lokhalokha.

"Muzibwera naye nokha m'mawa uliwonse," anatero. "Ndiziphunzitsa inuyo, galu azionera."

"Nanga zovala za anthu azichapa ndani, bambo? Galuyo?"

Anaseka. Ine ndinanyamuka.

Wachiwiri ndi amene mlamu wanga anandilozera. Pabwalo pake panali zii, agalu onse chigonere m'makola, mitu pansi.

"Msiyeni, asisi. Osabwera kudzamuona, mungamusokoneze. Kudzumako ndithana nako ine."

Bata limenelo linandikopa. Ndinamupatsa chingwe.

Makala anabwerako nthiti zili pamtunda, mchira pakati pa miyendo. Mwana akakwawira kumbale, galu ankangouma ngati chitsa, osatulutsa mawu. Eni nyumba mpaka anayamikira. Inenso ndinayamba kuchapa nditafulatira khomo.

M'mawa wina ndikufinya bulangete ndinangomva mwana akukuwa. Panalibe chondichenjeza. Mano analowa patsaya, pafupi ndi diso.

Atamusoka kuchipatala, ndinamubereka, n'kukokera Makala kwa bambo a kugalaja aja. Anangotambasula dzanja, galu anadzigwetsa pansi n'kudzikodzera.

"Amumenya mpaka waleka kunena," anatero. "Kudzuma kuja ankauza inuyo. Mkwiyo uli momwemo."

"Mukonzeni. Ndizibwera m'mawa uliwonse."

Anayang'ana bandeji ya mwana. "Awiriwa nyumba imodzi ayi, mwanangu."

"Ndiye mutengeni."

"Galu woluma mwana ndani angamulandire kwa ine?"

Anandilozera njira ya kwa dokotala wa ziweto, kumene amabaya jakisoni wogonetseratu, woti galu asadzukenso. Msewu wonse Makala ankayenda bwinobwino pambali panga, osakoka chingwe. Mayi wina pa siteji ya basi anandifunsa kuti anaphunzitsidwa kuti, nayenso akufuna apititseko wake. Ndinangopitiriza ulendo. Pakhomo la dokotala ndinati Makala akhale pansi, ndipo anakhala.