Tepi ya Amuna Anga

Amuna anga ndi atelala, ndipo mukawamva akulankhula mungaganize kuti singano anaitulukira ndi iwo. Shopu yathu ndi kachipinda kamodzi: makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu ndi galasi losweka pakona. Iwo amayeza makasitomala, achimwene anga amadula, ine ndimasita ndi kusokerera mabatani.

Sabata imeneyo tinali ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Gulu la oimba lotchuka linatipatsa ntchito yosoka masuti ofiira oti avale pa dansi yaikulu Loweruka madzulo. Amuna anga anauza aliyense, mpaka wosoka nsapato wa pakhonde anayamba kuwathawa.

Loweruka m'mawa oimba anabwera kudzayesa zovala, anthu ali khamukhamu pakhomo kuti awaone. Wang'oma atavala thalauza, batani linakana kufika pabowo. Wagitala anakoka mimba mpaka maso kutuzuka, koma zipi inaima panjira. Walipenga atangowerama, tonse tinamva nsalu ikung'ambika kumbuyo. Mathalauza onse anali othina.

Amuna anga anapsa mtima zedi. Pamaso pa khamu lonselo anakalipira achimwene kuti sizasi amaigwira ngati khasu, ndiponso kuti anawatenga pa ntchito chifukwa cha chisoni chabe. Achimwene anaika sizasi patebulo, n'kutenga chipewa chawo, ulendo. Mtima wanga unawawa, chifukwa mlongo wangayo ndimamudziwa: akachoka ali chete chotero, sadzapondanso m'shopu, ngakhale kunyumba kwathu kudzaona ana.

Pofuna kuonetsa oimba umboni, amuna anga anavula tepi yawo yoyezera m'khosi, yakalekale imene salola munthu kuikhudza, n'kuiyala patebulo. Mwatsoka inagona pambali pa tepi yatsopano ya achimwene. Manambala sanakumane. Ya amuna anga inali yaitali, itatanuka chifukwa cha chizolowezi chawo choikoka uku ndi uku akamadzitama. Tepi yotanuka imawerenga munthu wonenepa ngati wowonda. Achimwene anali atadula ndendende miyeso imene anapatsidwa.

Amene tinaona zimenezi tinali awiri basi, ine ndi amuna anga. Dzanja la amuna anga linayamba kukwawira kuti lipinde tepiyo mwakachetechete.

"Ndaona, bambo," ndinatero chapansipansi.

Anandiyang'ana, thukuta lili kamukamu. Kenako anatola matepi onse awiri n'kuliyatsa liwiro. Munthu amene sathamanga ngakhale mvula ikamugwera! Ine pambuyo, oimba pambuyo panga, wang'oma atagwira thalauza ndi manja onse, ndipo khamu lija nalo linatitsatira likukuwa osadziwa chimene tikuthamangira.

Tinawapeza achimwene podikirira basi, mwendo umodzi uli kale m'basimo. Amuna anga anakweza matepi aja m'mwamba kuti aliyense aone.

"Alamu, tsikani. Wolakwa ndine," anatero akupuma mwawefuwefu. "Tepi yanga ndi yabodza, inu munadula bwino. Ndinakunyozani pagulu, ndiye ndikupepesanso pagulu. Pepani."

Pa zaka zonse za ukwati wathu mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo, ndipo ndinafuna kuvina pamsewu pomwepo. Koma achimwene sanasunthe. Kondakitala anali kumenya chitseko kuti basi inyamuke.

"Nanga za chisoni zija?" anafunsa achimwene.

"Linali bodza la munthu wamanyazi. Inu mukachoka, ine ndingosoka makatani."

Anthu a m'basi anaseka, ndipo mayi wina pawindo anauza achimwene kuti atsike msanga munthuyo asanasinthe maganizo. Achimwene anabweza mwendo, naima pansi, n'kufunsa ngati m'shopu munatsalako nsalu yakuda.

Tinabwerera chothamanga. Achimwene anadula timizere takuda toti tiwonjezere m'mbali mwa thalauza lililonse, makina onse awiri akulira ngati akupikisana, ine simbi ili m'manja, walipenga akutiimbira atakulunga nsalu m'chiuno. Wagitala atadziyang'ana pagalasi anati mizereyo yakongoletsa sutiyo kuposa poyamba, n'kutembenukira kwa amuna anga kuti awayamikire. Ndinaona chifuwa chawo chikuyamba kutukumuka monga mwa masiku onse.

Iwo analoza tebulo lodulira. "Muwathokoze alamu anga awo," anatero, n'kupitiriza kupalasa makina.