Mkamwini Wokana Kusudzulidwa

Fodya wa 2004 atangolowa m'zigafa, akuchikazi anatumiza mawu kwa Jobson kuti Loweruka la sabata yamawa amusudzula. Chaka chinali chitakwana chimwalirireni mkazi wake Zelifa, ndipo m'midzi ya kuseri kwa Ludzi mkamwini wofedwa samusunga mpaka kalekale. Amamumeta, kumuthokoza, n'kumuuza kuti wamasuka, abwerere kwawo akapeze banja lina. Amuna ambiri tsikuli amaliyembekezera mtima uli dyokodyoko. Koma Jobson atamva, sanakondwere.

Kwawo kunali ku Zambia, mudzi wina kufupi ndi Chipata. Malire amenewa anthu a kuno sawawerengera kwenikweni. Mbuzi zimadya tsidya lino n'kukamwa madzi tsidya linalo, ndipo palibe amazifunsa pasipoti. Koma m'thumba la Jobson munali chinthu chimodzi chimene chinkawalemekeza malirewo kuposa apolisi a pachipata. Linali khadi la inshulansi ya chipatala.

Khadilo analipeza akuyendetsa thiraki. Kampani itatseka, anzake anataya makhadi awo, koma iye anapitiriza kulipira payekha mwezi ndi mwezi, ndi thukuta la kabaza, kunyamula amalonda ndi matumba awo kuchoka pa boda kupita ku boma. Anthu ankamuseka kuti wakabaza akudziyesa bwana. Mwana wake mmodzi yekhayo, Esitele, anali ndi matenda a shuga kuyambira ali wamng'ono, ndipo moyo wake unali pa jakisoni wa m'mawa ndi madzulo. Mankhwala aulere ankapezeka mwezi uno, mwezi wamawa n'kumva kuti atha. Khadi lija silinkauzidwa kuti atha. Timabotolo take Jobson ankatisunga mu kamtsuko kokwirira mumchenga wonyowa kuseri kwa chitseko, ndipo ankathirira mchengawo asanasukusule n'komwe.

Lolemba anakwera minibasi wa ku Lilongwe. Ku ofesi ya inshulansi anapeza mayi wina wa magalasi, waulemu wake ndithu, amene anamumvetsera mpaka kumaliza.

“Bambo, khadi ili limagwira ntchito mwini wake akamakhala m'Malawi muno,” anatero mayiyo. “Mukasamukira kunja, latha.”

“Si kunja kwenikweni, mayi. Panjinga ndimapita n'kubwerako dzuwa lisanapendeke.”

“Ndikumvetsa. Koma ndi dziko lina.”

“Nanga mutalembapo dzina la amalume ake a mwanayu? Kulipira ndizilipira ndine.”

“Amenewo akhala membala watsopano. Ndipo matenda amene mwana walowa nawo sitiwalipirira mpaka patapita zaka ziwiri.”

Jobson anaseka, kuseka kopanda mano. Zaka ziwiri, kwa mwana amene sangadumphe ngakhale masiku awiri. Anaganizapo zonama, zongosamuka mwakachetechete n'kumabwera kudzatenga mankhwala ngati munthu wa kuno. Koma mayiyo, ngati wamuwerenga pamphumi, anamuuza kuti akagwidwa khadilo amalitseka pompo, ndipo salitsegulanso. Ndipo kugwidwa kunali kosavuta. Ku kauntala ya mankhwala kunkagwira ntchito anthu a m'midzi yomweyi, odziwa amene wasudzulidwa ndi amene wakwatira. Kuno nkhani imafika pamsika mwini wake asanavale nsapato.

Atabwerako anapita kwa alamu ake, a Dickson, mlongo wake wa Zelifa, amene anali mwini mbumba. Anawapeza akusankha fodya. A Dickson sanali munthu woipa, tisawanamizire. Anali munthu wokonda kuti zinthu ziziyenda momwe zimayendera.

“Alamu, mwanayu ndi wathu,” anatero osakweza mutu. “Tamulera mayi ake, timuleranso iyeyu. Inu mwagwira ntchito yanu, pitani mukapume.”

“Mumulera ndi chiyani, alamu? Mankhwala ake ali pa dzina langa.”

“Ndiye tisiyireni khadilo.”

“Silisiyidwa ngati khasu. Ine ndikawoloka, lafa.”

“Nanga anthu atiyesa otani, kusunga mkamwini mkazi kulibe? Komanso nyumba ija tinamulonjeza mphwathu Aleck, akukwatira akagulitsa fodya.”

Jobson anapempha kuti amutenge mwanayo, ngakhale ankadziwa kuti ku Zambiako khadi silikagwira. Anangolankhula poti mawu ena anali atamuthera. A Dickson anamuyang'ana ngati wapempha denga la tchalitchi, n'kubwerera ku fodya wawo.

Sabata imeneyo anayesa zonse zimene munthu wothedwa nzeru amayesa. Anafunsa kachipinda ka lendi pa boda, koma kabaza sakanatha kudyetsa lendi ndi khadi nthawi imodzi. Anafunsa ntchito ya ulonda pa esiteti ina yopatsa nyumba, anamuuza kuti abwere mvula ikagwa. Ndipo ngakhale akanapeza pogona kutaliko, akanamubaya jakisoni mwanayo ndani? Agogo ake manja ankanjenjemera, azakhali ake ankaopa singano, ndipo onsewo ankakhulupirira kuti mwana wofooka umamupatsa tiyi wa shuga wambiri, osafunsa kuti wafooka ndi chiyani. Mantha anamugwira Jobson, mantha enieni.

Loweruka linafika. Mkulu wake Mateyu anabwera kuchokera ku Zambia ndi nkhope yowala, atanyamula nkhani yabwino. Bwana wina wa mathiraki ku Chipata ankafuna dalaivala wodziwa msewu wa Lusaka, ndipo ntchitoyo inali ya Jobson akangofika.

“Komanso kuli mayi wina wamasiye, wa golosale yake,” Mateyu ananong'ona. “Ndamuuza kale za iwe. Wavutika mokwanira, mphwanga.”

Jobson anaiona thirakiyo m'maganizo mwake, chiwongolero chili m'manja, nsapato zatsopano kuphazi. Anaifuna. Asakunamizeni munthu kuti sanaifune.

Anthu anakhala pabwalo la nyumba ya malemu, amuna pamipando, amayi pamphasa. Ankhoswe analankhula zoyamikira, kuti mkamwini uyu sanatukwanepo munthu, kuti anadwazika mkazi wake mpaka tsiku lomaliza. Kenaka anamuitana kuti akhale pakati. Mkulu wina anatulutsa lumo latsopano m'kapepala kake, n'kuviika dzanja m'beseni kuti anyowetse tsitsi.

Jobson anagwira dzanja la mkuluyo.

“Pepani, makolo anga,” anatero. “Musandisudzule.”

Mateyu anadzuka theka n'kukhalanso.

“Alamu, mukudziwa chimene mukunena?” anafunsa a Dickson. “Tikapanda kukusudzulani ndinu mwamuna wa Zelifa. Simungakwatire, kuno kapena kwanu. Mudzalima munda wa apongozi anu ngati mkamwini wobwera dzulo. Maliro akagwa, wokumba manda ndinu.”

“Ndikudziwa.”

“Mkazi ali kumanda, Jobson,” Mateyu anatero mokwiya. “Ukufuna kukhala pabanja ndi mtanda?”

Jobson sanamuyang'ane. Anagwada pafumbi, bambo wamkulu ndi ndevu zake, pamaso pa ana ndi akazi a eni ake.

“Munthu wosasudzulidwa sathamangitsidwa pamudzi,” anatero. “Mwambo ndi wanu, si wanga. Ine ndikungopempha kuti muutsate.”

Apa ndiye anawagwira pakhosi, chifukwa zinali zoona. Lumo silimeta munthu wokana, ndipo mkamwini wosametedwa amakhalabe wa pamudzi. Akuluakulu anapita kuseri kwa nkhokwe kukanong'onezana, ndipo anakhalitsako. Pobwera, a Dickson nkhope inali itagwa, ngati munthu amene wapambana mlandu umene sanafune kupambana.

“Nyumbayi ndi ya Aleck, zimenezo sizisintha,” anatero. “Mwana azigona kwa agogo ake. Inu, ngati mwatsimikiza, kuli chigafa chakale chija kumunda. Mumange makoma nokha.”

“Zikomo, alamu.”

Mateyu ananyamuka osatsanzika. Anakankha njinga yake mpaka kumsewu, ndipo ntchito ya thiraki ija inapita naye limodzi.

Anthu akubalalika, Jobson analowa m'nyumba n'kufukula kamtsuko kaja. Anakanyamula ndi manja awiri pamodzi ndi mchenga wake m'beseni lomwe lija la madzi ometera, poti linali litasowa ntchito. Esitele anamutsatira atasenza mphasa, akudumphadumpha, wokondwa kuti adadi ake sakupitanso. A Dickson anawapeza panjira ya kumunda.

“Alamu,” anatero motsitsa mawu, “zimenezi mpaka liti?”

Khadi lija linkasunga mwana mpaka atakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi. Jobson anatembenuka kuyang'ana Esitele. Mwanayo anamumwetulira, ndipo pakamwa pake panaoneka mpata wa mano awiri akutsogolo amene anali asanamerenso.

“Mpaka akule,” anatero Jobson, n'kupitiriza ulendo wa kuchigafa mosamala, kuti timabotolo tisagundane.