Mtanda wa Pasaka Unamudumpha

Belu la ansembe linali litamveka kale panyumba yachitatu pamene mayi Deolinda anamuvula mpongozi wawo Rabeca shawelo.

"Iyi ndi ya eni nyumba. Iwe vala epuloni, ukaime pachitseko cha kukhitchini."

Rabeca anayang'ana mwamuna wake. Belmiro anali kalikiliki kuwaza maluwa pakhomo, dala kuti asamve. Anamukwatira ku Tete ali msilikali, m'tchalitchi, anthu akuona. Nkhondo itatha anabwera naye kwawo kuno ku Minho, kudziko la azungu, ndipo miyezi yonseyi mayi ake ankauza mudzi wonse kuti mkazi wakudayo ndi wantchito wolera mwana.

Lero bodzalo limayenera kutha. Pa Pasaka mtanda umalowa nyumba iliyonse, ndipo mwini nyumba amaupereka yekha kwa a m'banja lake kuti aupsompsone, kuyambira mkazi wake. Dzulo lake Belmiro anachita kulumbira kuti adzayambira iye.

Ansembe analowa, anthu ali piringupiringu pambuyo pawo.

"Iwe Belmiro, makala unabwera nawo ku Africa aja sanathebe?" anatero a Gaspar, nkhalamba yapanyumba yoyandikana. "Walira mvula walira matope, mphwanga."

Anthu anaseka. Belmiro naye anasekako, ndipo kuseka kwakeko kunamupweteka Rabeca kuposa mawu a nkhalambayo.

Belmiro analandira mtanda. Anayambira mayi ake, kenako Odete, mwana wazaka zinayi wa iye ndi Rabeca. Rabeca anavula epuloni n'kusendera pafupi.

"Nanga mayi awa ndani?" anafunsa ansembe.

"Amathandiza amayi pakhomo pano," anatero Belmiro, maso ali pansi.

"Apsompsone ndithu, nawonso ndi munthu," anatero mayi Deolinda mokoma, akutulutsa mpango. "Tingopukuta akatha."

Rabeca sanasunthe. Ansembe anadikira pang'ono, n'kutenga mtanda wawo, poti nyumba zinali zikadalipo zambiri.

Masana banja linakhala patebulo kudya nyama ya mbuzi, Rabeca akuperekera mbale. Odete, amene anali atamva zonse, anakweza kapu yake monga amachitira agogo ake.

"Rabeca, bweretsa madzi."

Mayi Deolinda anaseka mpaka misozi, n'kumuponyera mwanayo siwiti. Rabeca anaima chilili, kudikira kuti bambo wa mwanayo anene kanthu. Belmiro anapitiriza kudula nyama.

Rabeca anatenga kapu ija n'kukatunga madzi.