Liwu la Mayi Ofelia

Ndaziona ankadziwa liwu limodzi lokha la Chisipanishi, ndipo analiphunzira chogwada. Ankasamalira mayi Ofelia, nkhalamba ya ku Cuba yakufa miyendo, amayi ake a dokotala wina ku Kempton Park, ku Joni. Popereka tiyi ankagwada, monga anamulelera kwawo ku Ntcheu. Mayiwo zinkawanyansa.

"Levántate," ankatero, akumenya ndodo pansi.

Dokotala ndiye anamasulira: dzuka, imirira. Ndaziona ankangoseka, mawa lake n'kugwadanso.

Mwamuna wake, Peterson, anali mlonda kumafakitale a ku Spartan. Chiyambireni ntchito anali asanagwirepo wakuba ndi mmodzi yemwe. Mphamvu zonse ankasungira mkazi. Atamuthyola dzino, Ndaziona anathawa m'nyumba mwawo ku KwaThema n'kumagona kuntchito.

Loweruka lina masana, dokotala ali kuchipatala, Peterson analumpha geti, chikoti m'manja. Anamupeza akuyanika zovala, mayi Ofelia akuwothera dzuwa pakhonde.

"Joni yakukuza mutu eti? Tiye kunyumba, manje, pompano."

Mantha anamugwira Ndaziona, mawondo n'kupita okha pansi.

"Pepani bambo, tikambirane."

Chikoti chinamung'amba khutu. Chachiwiri chinatera pamsana, kenako jombo m'nthiti. Anagwa chafufumimba, m'kamwa muli magazi ndi dothi. Peterson anamuponda pakhosi, ndipo Ndaziona anadziwa kuti lero sakufuna kungomulanga, akufuna kumumaliza.

"Levántate!"

Peterson anacheuka, phazi n'kutsetsereka. Mayi Ofelia, amene zaka ziwiri anali asanapondepo pansi, anali chilili, atakoleka dzanja pachipilala cha khonde, thupi lonse likunjenjemera. Anaponya ndodo yawo. Sinafike ndi patali pomwe.

Ndaziona anadzuka. Fosholo ya m'dimba inali yotsamira khoma. Anamutema nayo Peterson paphewa, kachiwiri kumaso, mphuno n'kuphwanyika ngati phwetekere. Mlonda uja anakwawa mpaka pageti akuitana amayi ake. Ndaziona sanamve chisoni ngakhale pang'ono.

Atatembenuka, pachipilala panalibe munthu. Mayi Ofelia anali gone pamasitepe, magazi akuyenderera kuchokera m'imvi.

"Levántate, mayi," anatero Ndaziona. Kanali koyamba kulitchula liwulo ndi pakamwa pake. "Levántate."

Sanadzuke. Ndaziona anagwada pambali pawo n'kuika mutu wawo pamiyendo pake, ndipo panalibenso womukalipira.