Hutala ya Abambo

Telala wa m'nyumba yapakona anthu ankamutchula kuti Mawaya, chifukwa patebulo pake ulusi ndi mawaya zinkakhala mulu umodzi. Ntchito yosoka ikachepa ankatulutsa kakompyuta kake, kabolodi kobiriwira kosaposa chikhatho, n'kuyamba kukalembera mapulogalamu. Mwamuna wake ankadandaula moseka kuti kabolodiko kamulanda mkazi.

Abambo ake a Mawaya, omwe kale anali dalaivala wa lole, anatuluka m'chipatala mawu atawathera. Munthu woti kale akatsokomola msewu wonse unkadziwa, tsopano kunali kunong'ona kokhakokha. Ankagona kuchipinda chakumbuyo, ndipo makina osokera akamalira, ngakhale atagwa pabedi palibe akanamva. Zimenezi zinkamusowetsa mtendere mwana wawoyo.

Ndiye anawapangira batani. Analiika pakabokosi ka sopo, anadutsitsa waya kunsi kwa chitseko mpaka pakabolodi, n'kulemba pulogalamu yoti batani likadinidwa, belu lizilira pafupi ndi makina.

"Mukafuna madzi, mankhwala, kaya kupita kuchimbudzi, muzingodina apa, bambo."

"Basi ndasanduka bwana," ananong'ona mkuluyo.

Zinayenda bwino mpaka belu litayamba misala. Linkangolira tizidutswa motsatizana, Mawaya n'kusiya diresi pakati, kuthamanga mtima uli m'mwamba. Ankawapeza ali phee, akuyang'ana kudenga.

"Mukufuna chiyani, bambo?"

"Palibe, mwanangu. Pita ukagwire ntchito."

Aliyense wosewera ndi timabolodi amalidziwa vuto limeneli: batani lotchipa limanjenjemera mkati, ukangolikhudza kompyuta n'kuwerenga kambirimbiri. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma Mawaya akaganiza kuti wagwira vuto, kudekha analibe. Anawonjezera mizere mu pulogalamu yoti kudina kwachidule kuzinyalanyazidwa, nawauza abambowo kuti akafuna kanthu azidina mokhalitsa. Belu linakhala chete, iye n'kumadzitama kwa mwamuna wake kuti walichiritsa.

Tsiku lina masana anawapititsira tiyi asanaitanidwe. Ali pakhomo anaona chala chawo chili pabatani, chikugogoda: kawiri, kenako katatu. Abambowo anadikira pang'ono, khutu lili kuchipinda chosokera, n'kugogodanso chimodzimodzi. Belu silinalire.

Mawaya anaima ndi kapu m'manja. Kaimbidwe kameneko ankakadziwa. Ali mwana, lole ya abambo ikamadutsa pamsewu waukulu yosaima, ankaliza hutala motero kuti a pakhomo adziwe kuti ali bwino.

"Hutala yanga yafa," anatero mkuluyo atamuona. "Kapena ndinakutopetsa?"

Manyazi anamugwira Mawaya, koma pansi pake panali chimwemwe chomwe sanachiyembekezere. Batani linalibe vuto. Abambo ake ndiwo anali atayamba kupeza mphamvu zochezera.

"Bwanji simunanene, bambo?"

"Unkafunsa chimene ndikufuna. Ine sindinkafuna kanthu."

Tiyi asanazizire, mizere ija inali itafufutidwa. Anagwirizana kuti kudina kokhalitsa ndi kuitana, pomwe kawiri ndi katatu ndi moni chabe. Mawaya sanalekere pomwepo, poti anthu amawaya sadziwa polekera. Anamata batani lina kunsi kwa tebulo, pomwe bondo limafika, n'kulilumikiza ku kababu kobiriwira pambali pa bedi la abambo, kuti nayenso aziyankha osasiya kusoka.

Mawa lake kunabwera mayi wina kudzayesa diresi laukwati wa mng'ono wake. Mawaya ali ndi mapini kukamwa, belu linalira kawiri, kenako katatu. Iye anagunda bondo kunsi kwa tebulo, n'kupitiriza kupinda mpendero.

"Chipangizo chanucho chawonongeka?" anafunsa mayiyo.

Mawaya anachotsa mapini kukamwa.

"Ayi, mayi. Ndi bambo anga, akungodutsa."