Magemu Asanu ndi Atatu Okha

Chikho chinali chitakhala pamwamba pa kabati masiku anayi okha pamene mwana wa aphunzitsi, amene ndi nesi, anabwera kudzawaona. Aphunzitsi anamuonetsa monyadira koma mosachulutsa mawu. Anapambana mpikisano wa gofu wa pakalabu, ndipo amene anawatsatira anali alamu awo, amakaniko, mchimwene wa malemu akazi awo.

"Koma bambo, si inu mumaponya mpira m'dziwe Loweruka lililonse?" anafunsa nesiyo akuseka. "Amalume mwawaposa bwanji?"

Aphunzitsi anatulutsa buku la kalabu, poti chipumireni ntchito ndiwo ankawerengera aliyense handikapu. Anafotokoza ngati ali m'kalasi. Pa gofu wopambana ndi amene wamenya mpira kochepa. Kuti wofooka apikisane ndi katswiri, aliyense amakhala ndi nambala yake, handikapu ija, imene amamuchotsera pomaliza. Yawo inali 24, ya alamu awo 12. Iwo anamenya ka 92, kuchotsa 24, kutsala 68. Alamu anamenya ka 82, kuchotsa 12, kutsala 70.

"Nanga 24 imeneyi imachokera kuti?"

"Avereji, mwanawe. Pa magemu makumi awiri omaliza, umaona kuti unapitirira kangati pa nambala ya kamenyedwe yoikika pa bwalolo. Kuphatikiza zonse, kugawa ndi makumi awiri."

Nesiyo anali akuwerenga kapepala ka malamulo komatidwa mkati mwa chikuto, kamene kanali katachita chikasu.

"Apa akuti mutenge asanu ndi atatu amene munasewera bwino koposa. Enawo muwataye."

"Kutaya? Manambala satayidwa. Zaka makumi atatu ndikuchonga mayeso, ndani anamva kuti mwana amasankha yekha mapepala amene wakhoza?"

"Werengani nokha."

Aphunzitsi anavala magalasi. Anawerenga, kenaka anawerenganso chala chili pansi pa mzere. Kapepalako anali atakaona kambirimbiri, koma diso linkangogwera pa mawu akuti avereji, basi n'kutseka buku. Munthu wa masamu angauzidwenso chiyani za avereji?

Anatenga pensulo. Magemu awo anali ngati nyengo: tsiku lina bwino, tsiku lina mipira itatu m'dziwe. Atataya oipawo, 24 inagwa mpaka 17. Alamu awo amasewera mofanana tsiku lililonse, choncho yawo inangotsika kufika pa 11. Anachotseranso. Iwo 75, alamu 71.

Anayang'anitsitsa manambalawo, pensulo ili m'manja. Iwo amene anathamangitsapo ana m'chipinda cha mayeso chifukwa cha kapepala kobisa m'sokosi!

"Palibe akudziwa, bambo. Mungokonza kuyambira mwezi wamawa."

Aphunzitsi anayang'ana chikhocho. Dzina lawo linali litazokotedwa kale. Anangotsegula masamba a m'mbuyo n'kupitiriza kuwerengera mpaka tiyi anazizira.

M'mawa mwake anafika pagalaja pa alamu awo, chikho atachikulunga m'thawulo. Kunsi kwa lole kunkangooneka miyendo.

"Alamu, tatulukani."

Amakaniko anatuluka chagada, nkhope ili girisi yekhayekha. "Ngwazi yathu! Mwabwera kudzandinyogodola mpaka kuntchito?"

Aphunzitsi anayala pepala pa boneti ya galimoto n'kufotokoza mzere ndi mzere, osadumpha kanthu. Amakaniko anamvetsera kukamwa kuli yasa. Sipanala inawapulumuka n'kugwa pa simenti.

"Ndiye kuti ine... ndinapambana?"

"Ndi kumenya kanayi."

"Aaa! Ine kugula ndodo zatsopano, kusiya mowa miyezi itatu, akazi anga kumandinena kuti manja akalamba! Kani ndi masamu anu?" Anagwira chikho, kenaka anachibweza msanga n'kupukuta manja pa ovololo. "Mlongo wanga ankanena kuti munthu uyu salakwitsa nambala. Akanakhalapo bwenzi lero akugubuduka pansi."

"Akanaseka, inde," anatero aphunzitsi, maso ali pa pepala. "Dzinalo ndikafufutitsa ndekha. Loweruka ndikauza kalabu yonse."

Amakaniko anachitembenuza chikho pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi analeka kumwetulira.

"Dikirani kaye, alamu. Bukuli mwalisunga zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Nanga chaka chatha chija, adokotala a mano anandiposa ndi kamodzi kokha?"

Aphunzitsi anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa mapepala ena asanu, opindidwa bwinobwino.

"Khalani pansi, alamu," anatero.