Beseni Lopepuka

Aida anachokera ku Ntcheu chaka chathachi kudzatsegula golosale pa Lufita, kumpoto kwa dziko lino. Chitumbuka ankadziwa cha moni chokha, koma Lachitatu lililonse ankatseka golosaleyo masana n'kupita kumunda wa mpingo, kumene anadzipereka kumalima limodzi ndi anthu a ulumali wa muubongo. Mmodzi mwa iwo anali Safeli, bambo wa zaka makumi anayi, wolankhula pang'onopang'ono. Safeli sankapatsa Aida khasu asanapukute mpini ndi malaya ake.

Nyemba za m'mizere ya Safeli zinabereka. Litayandikira Lamulungu la masika, Aida anapempha kuti Safeli adzapereke yekha zokolola zake.

"Mama, uyutu malo ake ndi panja, pansi pa mtengo," anatero a Bernard, mkulu wa mpingo. "Akadzamwaza nyemba pamasitepe, mudzatola ndinu?"

"Sadzamwaza, dada."

Pakamwa anayankha molimba, koma m'mawa wa tsikulo anayang'ana masitepe atatu okwerera kuguwa m'tchalitchi, nayang'ananso mapazi a Safeli, mtima n'kumuthawa. Pamene Eleanor, mlongo wake wa Safeli, ankamumanga tayi kuseri kwa tchalitchi, Aida anakhuthulira nyembazo m'thumba, nadzaza beseni la Safeli ndi makoko ouma, n'kuphimba ndi chitenje. Thumba analikankhira pansi pa benchi. Kwawo ku Ntcheu munthu amangotula beseni kutsogolo n'kubwerera. Anati abweza nyembazo mapemphero akatha, palibe adziwe.

Nyimbo itayamba, anaona mphasa itayalidwa paguwa. Mayi woyamba anafika, navundukula dengu, n'kukhuthula mawere ake pamphasapo anthu onse akuona. Wachiwiri chimodzimodzi. Kunotu aliyense amakhuthula yekha.

Aida anapemphera chamumtima. Ambuye, ndichitireni chifundo.

Safeli anakwera masitepe onse atatu osagwedezeka. Anagwada, napinda chitenje bwinobwino, n'kupendeketsa beseni. Makoko anagwa mwakachetechete, ena n'kuuluka ndi kamphepo ka pazenera.

Nyimbo inaduka. Kumbuyo wina anaseka.

"Nyemba wadya yekha, Mulungu wamusiyira makoko!"

"Kumwamba kulinso mbuzi kodi?"

A Bernard sanaseke. Anangotembenuka n'kuyang'ana Aida, maso akuti: ndinanena. Eleanor anabisa nkhope m'manja.

Safeli anafufuza m'makokomo ndi zala. Kenako anatembenukira kwa Aida.

"Mama, beseni linapepuka," anatero. "Ndimayesa Yesu akundinyamuza."

Aida akanatha kukhala chete. Anthu anali atamupeza kale wolakwa wawo, ndipo Safeliyo akanabwerera pansi pa mtengo osadandaula. Anaimirira atagwira benchi.

"Pepani, mpingo. Makokowo ndinaika ndine." Mawu anatuluka aang'ono, anachita kubwereza. "Ndine. Ndimaopa kuti amwaza. Pakamwa ndimamunenera zabwino, koma mumtima ndinali pamodzi ndi inu amene mwasekanu."

Aida anakoka thumba lija, naliika paphewa kuti apite nalo kutsogolo. Atayenda pang'ono anaima. Anabwerera nalo n'kulitsitsa pansi, pakhomo penipeni pomwe mzere unayambira.

"A Safeli, nyemba zanu izi. Bwerani mutenge."

Safeli anabwera ndi beseni lake, nakhuthuliramo nyembazo, n'kusenza. Khosi linalimba ndi kulemera. A Bernard anayang'ana pansi kanthawi, kenako anayambitsanso nyimbo okha, ndi mawu osasa.

Nyemba zinagwa pamphasa ndi mkokomo. Zingapo zinagudubuzika mpaka pamasitepe. Aida anagwada kuti atole, osayang'ana munthu. Posakhalitsa anaona zala zina pambali pa zake. Anali a Bernard.

Safeli anabwera kudzaima pamwamba pawo, akuloza ndi chala.

"Ina iyo, mama. Mwaisiya."